Mipata ya Mitsinje ya Kumapiri ndi Kayendedwe Kake

Mpata ndi malo pamene mtsinje wapanikizika pakati pa makoma awiri a miyala, moti madzi alibe kopatukira. Umasiyana ndi chigwa, chimene chimakhala chotambalala ndipo anthu amalimamo madimba. Umasiyananso ndi chigwembe cha m'munda, chimene mvula imatha kukumba m'dzinja limodzi lokha. Mpata weniweni umatenga zaka zikwi zambirimbiri kuti ukumbike, ndipo mtsinje umene unaukumba umakhala ukadali pantchito pansi pake.

Dera la Chipata lili pamalo abwino ophunzirirapo nkhaniyi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mapiri ozungulira amagawa madzi patatu. Mvula yogwa mbali ya Zambia imatsata mitsinje monga Lutembwe, Msandile ndi Lupande kulowera ku Luangwa. Yogwa tsidya la Mchinji imalowa mu Bua n'kukathera m'nyanja ya Malawi. Kummwera, cha ku Katete ndi Sinda, mtsinje wa Kapoche umaolokera ku Mozambique, kumene umakumana ndi Luia n'kukathira mu Zambezi. Njira zitatu zonsezi n'zotsetsereka kwambiri. Mfuwe, imene ili pa ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Chipata, ili pakati pa mamita 500 ndi 600. Nyanja ya Malawi ili pansi pa mamita 500. Mzinda wa Tete sufika n'komwe pa mamita 200. Paliponse pamene madzi ayenera kutsika motero pa mtunda waufupi, pamakhala mathithi ndi mipata.

Mmene mpata umakumbikira

Madzi paokha sadula mwala msanga. Chodula ndi katundu amene madziwo asenza: mchenga, nsangalabwi ndi miyala ikuluikulu imene imagubuduzika pansi mtsinje ukadzaza. Pamalo pamene madzi amazungulira, mwala umodzi wokodwa m'kadzenje umazungulira nawo dzinja ndi dzinja mpaka kuboola dzenje losalala ngati mtondo wosinjiramo chimanga. Maenje otere akachuluka amalumikizana, thanthwe limasweka, ndipo mtsinje umatsika pang'ono. Woyenda mumpata amawaona maenjewa ngakhale pamwamba pa mutu wake, pamene madzi ankadutsa kalekale.

Njira ina ndi ya mathithi. Madzi akugwa amafukula tsinde la thanthwe, mlomo wa pamwamba n'kugumuka, ndipo mathithi amasunthira kumtunda kwa mtsinje, kusiya ngalande yakuya kumbuyo kwake. Chitsanzo chodziwika pa dziko lonse ndi Mosi-oa-Tunya ku Livingstone: mipata yokhotakhota ya Batoka imene ili kunsi kwa mathithiwo ndi malo amene mathithi anali kale asanasunthe.

Makoma amaima chilili pokhapokha ngati mwala uli wolimba moti sugumuka msanga. N'chifukwa chake pakati pa chigwa cha Luangwa palibe mipata. Chigwachi chinapangika pamene nthaka inang'ambika ndipo chigawo chapakati chinatitimira, ndipo pansi pake pali miyala yofewa ya mchenga ndi dongo imene akatswiri amaitcha Karoo. Kumpoto kwa chigwachi mumapezeka mafupa a nyama zimene zinakhalako zaka pafupifupi 250 miliyoni zapitazo. M'miyala yofewayi Luangwa amangokhotakhota, kugumula gombe ili n'kuunjika mchenga pa gombe linalo. Mipata ili m'mphepete, pamene mitsinje ing'onoing'ono imadula miyala yolimba ya kumtunda potsikira kuchigwa.

Kumene mipata ili

Mbali ya kummawa, imene msewu wa ku Mfuwe umatsikira kudzera m'boma la Mambwe, mtunda umatsika pang'onopang'ono m'zitunda zotsatizana. Makwawa a kumeneko ndi aafupi, ambiri amauma m'chilimwe, ndipo amadziwika ndi anthu a m'midzi yoyandikana nawo osati ndi mabuku a alendo. Kwa wophunzira kuyenda m'miyala, awa ndiwo oyambira. Tsidya lakumadzulo n'kosiyana: phiri la Muchinga limaima ngati linga, ndipo mitsinje monga Mupamadzi, Kapamba, Mutinondo ndi Mwaleshi imatsika m'malo ovuta kufikako. Pafupi ndi Kanona, m'boma la Serenje, mtsinje wa Kaombe umagwa mamita pafupifupi 70 pa mathithi a Kundalila, ndipo kanjira kotsetsereka kamafika pa dziwe la pansi pake.

Mpata waukulu kuposa yonse m'mitsinje yothira mu Luangwa ndi wa Lunsemfwa, umene pa mapu umalembedwa kuti Wonder Gorge. Ndi wautali makilomita pafupifupi 20, pamwamba ndi wotambalala pafupifupi kilomita imodzi, ndipo kuya kwake kumapitirira mamita 300. Pa Bell Point munthu amaona pansi pamene mtsinje wa Mkushi umakumana ndi Lunsemfwa, uliwonse ukutuluka mumpata wake. Malowa ndi otetezedwa ndi boma monga chuma cha dziko, ndipo amafikika kudzera ku Kabwe kapena ku Mkushi pa misewu yafumbi yofuna galimoto yamphamvu. Alendo ambiri amathera pamwamba pomwepo, ndipo sakhala atalakwitsa, chifukwa kutsikira kumadzi n'kwa anthu ozolowera okhaokha. Kumtunda kwa mpatawu kuli damu la Mita Hills, lomangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti lithandize kupanga magetsi a migodi ya ku Kabwe.

Woyenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Chipata kupita ku Lusaka amaona mbali ina ya nkhaniyi ali pampando wa basi. Pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, mtsinje umene unali wotambalala ku Mfuwe umakhala utalowa pakati pa mapiri. Kunsi kwake, pafupi ndi tauni ya Luangwa, imene kale inkatchedwa Feira, Zambezi naye amadutsa mumpata wa Mupata, umene alendo amaudutsa pa mabwato. Koma mpata umene uli ndi mbiri yolembedwa bwino ya anthu oyenda pansi uli kunsi kwambiri, m'chigawo cha Tete.

Ulendo wa mu Kebrabasa, 1858

Pakati pa Chicoa ndi Tete, Zambezi ankadutsa mumpata wautali wodzaza ndi mafunde ndi mathithi, umene m'mabuku akale a Chingerezi umalembedwa Kebrabasa ndipo lero umatchedwa Cahora Bassa. Eni dera ankaudziwa bwino. Amalonda ochokera ku Zumbo ankatsitsa katundu m'mabwato ku Chicoa, amtengatenga n'kumusenza pamutu kulambalala mpatawo. Kumpoto kwake kunali dziko la Undi, mfumu ya Achewa imene likulu lake lakale linali ku Mano, ndipo mpando wake lero uli ku Mkaika m'boma la Katete.

David Livingstone potsika ndi Zambezi mu 1856 anachoka m'mbali mwa mtsinje asanafike pampatawo, n'kudula njira yachidule ya ku Tete. Mathithiwo anangowamva m'kamwa mwa anthu ndipo anawachepetsa. Atafika kwawo ku Britain analengeza kuti Zambezi ndi njira imene sitima zingalowere mpaka pakati pa Africa, ndipo boma linamupatsa ndalama ndi kasitima kotchedwa Ma Robert. Mu Novembala 1858 kasitimako kanalephera kupitirira pakhomo pa mpata. Livingstone anaganiza zokaona yekha wapansi, pamodzi ndi dokotala John Kirk ndi amuna angapo a Chikololo amene anachokera nawo kumtunda kwa Zambezi.

Anasankha mwezi woipitsitsa. Novembala m'chigwa cha Zambezi ndi nthawi imene dzuwa limaswa mtengo, ndipo miyala yakuda yosalala ya mumpatamo inkatentha moti dzanja silinkatha kuigwira nthawi yaitali. Akololo, amene ankayenda opanda nsapato, anatuluka matuza kumapazi. Njira panalibe, kunali kukwera mwala, kutsika, kukwawa m'ming'alu, kukweranso. Anthu a m'deralo anawachenjeza kuti kutsogolo n'kosapitika, koma Livingstone anakakamira, ndipo kumayambiriro kwa Disembala iye ndi Kirk anafika pa mathithi a Morumbwa, pamene mapiri awiri amapanikiza mtsinje wonse. Pa makoma anaona zizindikiro zosonyeza kuti m'dzinja madzi amakwera mamita oposa 20 pamwamba pa pamene anali tsikulo.

Zimene anaonazo zinasintha mbiri ya dera lonse. Njira ya Zambezi itatsekeka, mu Januwale 1859 Livingstone anatembenukira ku Shire, kumene anakumananso ndi mathithi a Kapichira, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anafika kunyanja ya Malawi. Amishoni amene anatsatira pambuyo pake analowera njira ya Shire yomweyo. Mpatawo sunathane nawo pomwepo: mu Novembala 1860, gululo likutsika pa mabwato kuchokera kumtunda, linayesa kudutsa m'mafunde, bwato la Kirk linagubuduzika, ndipo zolemba ndi zojambula zake za zomera zinapita ndi madzi. Zolakwa zazikulu za maulendo awiriwa, kunyoza nyengo ndi kunyoza mawu a eni dera, ndi zomwezo zimene zimapweteketsa alendo mpaka lero.

Mbali yaikulu ya njira imene anayendamo ili pansi pa madzi tsopano. Pakati pa 1969 ndi 1974, nkhondo ya ufulu wa Mozambique ili mkati, Apwitikizi anamanga damu la Cahora Bassa pafupi ndi Songo. Khoma lake ndi lalitali mamita 171, ndipo pamwamba ndi lotambalala mamita 303 okha, umboni wa kupanikizika kwa mpatawo. Makina ake asanu amatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri amagulitsidwa ku South Africa. Nyanja imene inabadwa kumbuyo kwa khomalo imafika kufupi ndi Zumbo, ndipo inasamutsa anthu masauzande ambiri m'minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje. Boma la Mozambique linatenga gawo lalikulu la umwini wa damulo mu 2007. Kunsi kwa khoma mpata ukadalipo, ngakhale pali mapulani omanga damu lina pa Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kunsi kwake. Wochokera ku Chipata amafikako kudzera ku Katete ndi pachipata cha Chanida ndi Cassacatiza, kenako Tete ndi Songo.

Nyengo ndi madzi

Funso loyamba pa ulendo wa mumpata si la nsapato kapena kamba, koma la mwezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi dzinja, ndipo mumpata simulowedwa. Mu Meyi mitsinje imakhala ikadali yodzaza ndipo udzu ndi wautali. Miyezi yabwino ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti: madzi atsika ndi kuyera, kunja kukuzizira, mitambo ya mvula kulibe. Kuyambira Sepitembala kutentha kumakwera, ndipo mu Okutobala m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Mumpata kumaposa pamenepo chifukwa mphepo siyenda ndipo makoma amabweza kutentha.

Choopsa chachikulu ndi madzi obwera mwadzidzidzi. Mtsinje wa m'dambo ukadzaza umatayikira m'mbali; wa mumpata ulibe kotayikira, ndiye umakwera m'mwamba, ndipo umakwera m'mphindi zochepa. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti mvula siyenera kugwa pamene iwo ali. Ikhoza kugwa kumapiri akutali, pamene mumpata dzuwa likuwala ngwee. Mu Ogasiti 1997 alendo 11 anafa motero ku Antelope Canyon m'dziko la United States, ataphedwa ndi madzi a mvula imene inagwa makilomita angapo kumtunda. Kuno kwathu zotere zimatchedwa napolo, ndipo a ku Malawi saiwala zimene zinachitika ku Zomba mu Disembala 1946 ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'makwawa a m'phiri n'kukokolola midzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa louma la mchenga woyera, limene limaoneka ngati malo abwino ogonapo, ndi njira ya madzi basi.

Mtsinje umachenjeza, koma mwachidule. Madzi oyera akayamba kuda, pakayamba kuyandama masamba, timitengo ndi thovu, kapena kukamveka mkokomo kumtunda, woyenda amasiya katundu n'kukwera khoma pomwepo. Kuthamangira kunsi n'kulakwitsa, chifukwa palibe munthu amene angapambane madzi pa liwiro ali m'miyala. Wozindikira amayenda akuyang'ana zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo, popeza ndizo zimasonyeza pamene madzi anafika dzinja lapitalo, ndipo msasa amamanga pamwamba pa mzere umenewo. Amayendanso akusunga m'mutu malo otsiriza amene anaona pokwerera.

Pa mitsinje ya madamu, monga Lunsemfwa kunsi kwa Mita Hills ndi Zambezi kunsi kwa Cahora Bassa, pali vuto lina. Madzi amatha kukwera m'chilimwe kumwamba kulibe kamtambo, chifukwa chakuti atsegula zitseko kapena awonjezera makina. Asodzi a m'deralo ndi ogwira ntchito padamu ndiwo amadziwa kachitidwe kake, ndipo ayenera kufunsidwa ulendo usanayambe.

Kuyenda m'miyala ndi kuoloka

Mtunda wa mumpata suyezedwa ndi makilomita. Pamene munthu angayende mphindi 15 pamsewu, m'miyala akhoza kutha ola lathunthu kapena kuposa. Ngozi zambiri si zochititsa nthumanzi ayi: ndi kubinya bondo, kuthyoka mwendo, kumenyetsa mutu. Mwala wonyowa wokhala ndi ndere umaterera kuposa thope, ndipo mwala waukulu umene ukuoneka wokhazikika umatha kupendekeka munthu akaupondera m'mphepete. Nsapato zoyenera ndi zomanga zingwe, za mphira wofewa pansi. Mapatapata amasiyidwa kunyumba. Katundu amakhala kumsana kuti manja onse awiri akhale omasuka. Pamalo otsetsereka anthu sayenda wina pamwamba pa mnzake, chifukwa mwala wogubuduzidwa ndi wapamwamba umapweteka wapansi. Kudumphira m'dziwe kuchokera pathanthwe n'kwangozi ngakhale pamalo odziwika, popeza dzinja lililonse limasuntha miyala ndi zigobo za mitengo pansi pa madzi.

Nthawi zambiri khoma limatsekereza gombe limodzi ndipo pamafunika kuoloka. Pooloka pabwino ndi pamene mtsinje watambalala, osati pamene wapanikizika, ngakhale pamenepo pamaoneka pafupi. Woolokayo amayang'ana kumtunda, atatsamira ndodo yolimba, n'kumasuntha phazi limodzi linalo litakhazikika. Lamba wa chikwama amamasulidwa kuti munthu akagwa achitaye msanga. Madzi othamanga ofika m'mawondo amatha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika m'chiuno saolokedwa. Amadikiridwa kapena kulambalalidwa. Ambiri amakhulupirira chingwe chomanga m'chiuno, komatu m'madzi amphamvu chingwe chimakokera munthu pansi m'malo momutulutsa. Mu 1949 pa phiri la Mulanje, Fred France, wogwira ntchito za nkhalango, anatengedwa ndi madzi pooloka mtsinje wodzaza pamwamba pa mpata wa Ruo, ndipo chingwe chimene anamanga sichinamupulumutse.

Ludzu limapha munthu ali pambali pa mtsinje ngati akuopa kumwa kapena ngati wakwera khoma lopanda madzi. Aliyense amanyamula malita atatu kapena anayi, ndipo madzi a mumtsinje amawiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala. Mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wochepa wofiirira ndi zizindikiro zoti thupi lauma. Wotero amakhazikidwa pamthunzi, kuthiridwa madzi ndi kumwetsedwa pang'onopang'ono madzi a shuga ndi mchere: lita imodzi, masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kamba wabwino ndi wosalemera ndi wosasasa msanga, monga mtedza ndi chimanga chokazinga, mbatata yootcha ndi nthochi.

Zamoyo za mumpata

Kutsika mumpata kuli ngati kudutsa maiko atatu tsiku limodzi. Pamwamba pali nkhalango ya mombo ndi masuku, imene imayoyoka masamba m'chilimwe. Pa makoma pamamera mitengo yopirira chilala, ndi mikuyu imene mizu yake yoyera imatsata ming'alu ya thanthwe kufunafuna chinyezi. Pansi, pamene moto wa tchire sufika kawirikawiri, pali mzere wobiriwira chaka chonse wa mbawa, katope, kanjedza ndi nsungwi. M'malo otsika otentha mumapezeka milambe ndi tsanya. Mitengo ya mumpata imakula kuposa ya kumtunda chifukwa nkhwangwa ndi macheka sizifikako msanga, ndipo m'madera amene makala atha nkhalango, mipata ndiyo yasunga mbewu ya mitengo yakale.

M'miyala mumakhala mbira, zinkhoma zimene zimaima pansonga ya ziboda pamwamba pa thanthwe, ndi anyani amene amagona pa makoma kuthawa nyalugwe. Pa maiwe pamaoneka mapazi a katumbu, ndipo kumene kuli nsomba nkhwazi sizisowa. Zina n'zofunika kusamala nazo. Mphiri imagona duu panjira osathawa, ndipo dzanja siliyenera kupisidwa m'mng'alu umene maso sanaonemo. Njuchi zimamanga m'mapanga a pakhoma, ndipo zikaputidwa munthu ali pamalo opanikizika, kuthawa kwake ndiko kumamugwetsa. Chitedze chimayanga m'mbali mwa mitsinje ndipo chimakhwima m'miyezi yomweyo yabwino kuyenda; odziwa amachizindikira patali n'kulambalala. Kunsi kwa mipata, kumene madzi amadekha, kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo dziwe lililonse lolumikizana ndi Luangwa, Lunsemfwa kapena Zambezi liyenera kuyesedwa la ng'ona ngakhale zisakuoneka. M'madzi odikha a pafupi ndi midzi muli likodzo. M'chigwa cha Luangwa muli kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, imene imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Malungo ali paliponse, ndipo wogona kunja amanyamula neti.

Eni malo ndi malamulo

Palibe mpata wopanda mwini. M'boma la Mambwe dziko lili m'manja mwa mafumu a Chikunda, a Nsefu, a Jumbe, a Mnkhanya, a Kakumbi, a Malama ndi a Msoro. Kuzungulira Chipata kuli mafumu a Chingoni a pansi pa Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi a Chichewa a pansi pa Kalonga Gawa Undi. Mlendo amayamba waonekera kwa amfumu a mudzi woyandikana ndi khwawalo, kunena kumene wachokera, kumene akupita ndi tsiku lobwerera. Uwu ndi ulemu, komanso ndi chitetezo: akachedwa kutuluka, a m'mudzimo ndiwo adzayambe kumufuna. Amfumu ndiwonso amaloza munthu woperekeza, kawirikawiri msodzi, wofula njuchi kapena mlenje wakale, amene amadziwa pokwerera ndi pooloka. Malipiro ake amapanganidwa poyera ulendo usanayambe, ndipo si pamene mlendo ayenera kuumira. Maiwe ena, mapanga ndi timisitu ndi malo a mizimu, a nsembe za mvula kapena manda, ndipo woperekeza akati apa sitipita, nkhani yathera pomwepo.

Mkati mwa malo osungira nyama malamulo ndi a boma. Paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050, ndi kwawo kwa maulendo oona nyama wapansi. Norman Carr, amene mu 1950 anagwirizana ndi mfumu Nsefu kutsegula msasa wa alendo m'dziko la mfumuyo, ndiye anatchukitsa maulendowa. Mpaka lero munthu saloledwa kuyenda pansi m'pakimo popanda wotsogolera wa chiphaso ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti wochokera ku Department of National Parks and Wildlife. M'madera ozungulira paki, monga Lupande, njovu ndi njati zimayenda momasuka, ndipo zimakonda mthunzi ndi madzi a m'makwawa omwewo.

Malo monga Kundalila ndi Bell Point amayang'aniridwa ndi National Heritage Conservation Commission, chimodzimodzinso mapanga a zojambula zakale a m'chigawo cha Kummawa monga Thandwe ndi Kalemba. Kulemba dzina pathanthwe, kukhudza kapena kunyowetsa zojambula, ndi kutola mikanda kapena mapale m'mapanga n'kuphwanya lamulo, ndipo chowonongekacho sichibwereranso. Moto wophikira umazimitsidwa ndi madzi, osati kungokwiriridwa, chifukwa mu Ogasiti kamoto kamodzi kamakwera khoma lonse n'kukafika kuminda. Mapepala apulasitiki, mabotolo ndi zitini zimatuluka ndi mwini wake. Zikatsala, dzinja limazitengera kwa anthu a kunsi amene amamwa madziwo.

Kutuluka

Mumpata mdima umafulumira. Dzuwa limabisika kuseri kwa khoma nthawi ikadalipo, ndipo m'miyezi yozizira pofika 6 koloko madzulo kumakhala kwada. Kukwera kumatenga nthawi yaitali kuposa kutsika, ndipo kumachitika miyendo itatopa kale. Gulu lanzeru limanyamuka mbandakucha ndipo limapangana ola lobwerera lisanatsike, kenako limabwerera pa ola limenelo ngakhale mathithi amene limafuna akumveka pafupi. Njira yachidule yokwera khoma losadziwika ndiyo imasiya anthu pakati pa thanthwe, osatha kukwera, osathanso kutsika.

Pansi pa mpata foni nthawi zambiri sigwira, choncho thandizo limachokera kwa anthu a paulendo omwewo. Gulu lisachepere anthu anayi, kuti wina akavulala mmodzi atsale naye, awiri akaitane anthu. Mwendo wothyoka umamangidwa ndi timitengo tiwiri ndi nsalu, bala lotuluka magazi limapanikizidwa ndi nsalu yoyera, ndipo wovulala khosi kapena msana sasunthidwa pokhapokha madzi akukwera. Wolumidwa ndi njoka satemedwa mphini, sayamwidwa bala, ndipo samangidwa chingwe chothina. Amagonekedwa, chiwalo cholumidwacho chimasungidwa osagwedezeka, ndipo amanyamulidwa pa machira a mitengo iwiri ndi zitenje mpaka pamene galimoto ingafike. Zipatala zimene zimalandira ovulala otere m'derali ndi monga Chipata Central, St Francis ku Katete ndi Kamoto m'boma la Mambwe, ndipo mtunda wochokera pakhomo pa mpata kukafika ku chimodzi mwa izo uyenera kudziwika, pamodzi ndi mwini galimoto kapena njinga yamoto amene angaitanidwe, gulu lisanayambe kutsika.